Woimirira Priska M'kalasi

Ku Msumba munthu amene ali ndi abale sajomba pa chinthu. Ukadwala tsiku lokakoka ukonde wa chilimira umatuma mng'ono wako, ndipo gawo lako la usipa limakupeza pakhomo ngati unapita wekha. Maliro akagwa ku Meluluca iwe mwendo utatupa, amapita ndi mlamu wako, n'kukanena kuti wabwera m'malo mwa uje, anamfedwa n'kuvomera kuti ujeyo wafika. Ngakhale ntchito yolambula pa tchalitchi imayenda chomwecho. A Yohana anakulira m'mwambo umenewu, ndipo pa nkhani yoimirira anzawo panalibe wowaposa. Anali ataimirira anthu pa maliro, pa chinkhoswe, pa misonkhano ya asodzi, mpaka pa mzere wa katemera wa agalu, ndipo kulikonse ankafika moyambirira n'kuchoka pomalizira.

Mwana wawo wachisamba, Priska, ankaphunzira ku yunivesite ku Lichinga. Analowa sukulu ya sayansi kuti aphunzire za nsomba. A Yohana anati nzabwino, ngakhale sankamvetsa kuti munthu wobadwira pa mchenga amakwereranji mapiri kukaphunzira nsomba kumalo kopanda nyanja. Chaka chachiwiri mtsikanayo anawonjezera china: analembetsanso ku sukulu ya malamulo ya yunivesite yomweyo, n'cholinga choti adzatuluke ndi madigiri awiri tsiku limodzi. Ankati nyanja imeneyi ili ndi maiko atatu ndi malamulo osawerengeka, ndiye pakufunika munthu wodziwa nsomba ndi malamulo omwe. Amayi ake, a Helena, ankangoti mutu umodzi sukulu ziwiri, mwanayu adzauma. Koma a Yohana ankayenda nayo nkhaniyo mudzi wonse. Ukawafunsa za mtengo wa usipa, usanamve mtengowo unali utamva kale kuti Priska akuphunzira nsomba ndi milandu.

Ubwino wake, makalasi ena a malamulo ankachitikira ku Metangula, tauni yapafupi ndi Msumba, Loweruka lililonse, m'chipinda chobwereka pa sukulu ina, kuti anthu apantchito asamavutike ndi ulendo wa ku Lichinga. Priska ankatsika pa minibasi ya chapa Lachisanu, n'kugona kwawo, m'mawa n'kukalowa m'kalasi. Koma teremu imeneyi inabwera mokhota. Anapatsidwa phunziro latsopano, m'kalasi ya anthu amene sankamudziwa, Loweruka m'mawa ku Metangula. A sayansi nawo anaika ntchito yawo yotumbula nsomba Loweruka lomwelo m'mawa, ku Lichinga. Chiyambireni teremu, Priska anali asanapondemo m'kalasi ya ku Metangula ija.

"Ababa, zinthu zagundana," anatero pa foni. "Falita zikachuluka sandilola kulemba mayeso."

"Falita ndiye chiyani?"

"Kujomba. Ndakadandaula ku ofesi kuti andilole ndizichita ntchito yake ndili kuno. Akuti ndidikire, ayamba afunsa mphunzitsi."

"Nanga amadziwa bwanji kuti iwe kulibe?"

"Amaitana manambala. Yanga ndi 23, vinti-tireshi. Akaitana kumangoti zii."

Zina zonsezo a Yohana anazimva ndi khutu limodzi, koma "zii" ameneyu anawabaya. Nambala ya mwana wawo kuitanidwa pagulu, popanda woyankha, ngati mwana wopanda kwawo? Iwo ali moyo, njinga ili pakhonde, Metangula ali apa? Anachita manyazi ngati kuti mudzi wonse unali m'kalasimo n'kumva.

"Amake Priska, jekete langa lija munalichapa?"

A Helena anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kwagwa maliro kuti?"

"Ndikukaimirira mwana kusukulu."

"Abambo ake Priska, kusukulu si kumaliro."

"Kulikonse kumene amaitana munthu, wina atha kuyankha. Koma musamuuze mwanayo. Ayamba kundimvera chisoni za njinga, n'kusiya kuwerenga."

A Helena anapukusa mutu, koma jekete analitulutsa. Anakhala nawo zaka zambiri amuna awowa, ndipo ankadziwa kuti akanena mawu akuti "kuimirira" ngakhale abusa sangawabweze.

Loweruka a Yohana anafika pa sukulupo zitseko zisanatsegulidwe. Anathamangitsa mbuzi zimene zinagona pakhonde, mlonda atatsegula analowa n'kutsegula mazenera onse, kenako anakhala pa desiki ya kutsogolo, cholembera chili m'thumba la pachifuwa. Ophunzira atayamba kufika, palibe anadabwa nawo. Kalasiyo inali ya anthu akuluakulu: aphunzitsi, apolisi, asilikali a panyanja, makalaliki a ku boma, ena imvi zili mbuu kuposa zawo. Pafupi nawo panakhala mayi wina wansangala, namwino wa pa chipatala, dzina lake Saquina, amene anawapatsa moni n'kuwagawira mtedza.

Mphunzitsi, amene onse ankamutchula kuti adotolo Aristides, anali mnyamata wowonda wochokera kummwera, wosadziwa Chinyanja. Ankafika ndi chapa cha m'mawa, fumbi la m'njira lili m'tsitsi, tulo tisanathe m'maso. Anakhala pansi n'kuyamba kuitana manambala osadzutsa mutu.

"Vinti-doishi."

"Pulezente."

"Vinti-tireshi."

"Pulezente," anatero a Yohana, ndi mawu aja amene ankayambitsira nyimbo m'tchalitchi. Mtima wawo unakhala pansi. Banja lawo linali layankha.

Zotsatira zake ndiye zinali zina. A Yohana anathawira ku Malawi ali mnyamata nthawi ya nkhondo, ndipo sukulu yochepa imene anaiona anaionera kumeneko. Chipwitikizi chawo chinali cha pamsika: kugulitsira nsomba, kupatsira moni wapolisi, kufotokozera dokotala pamene pakupweteka. Chimene chinkatuluka m'kamwa mwa adotolo Aristides chinali Chipwitikizi china, chachitali, chopanda popumira. Koma woimirira sakhala ngati mlendo. Mayi Saquina akagwedeza mutu, iwonso ankagwedeza. Kalasi ikaseka, ankaseka nawo, nthawi zina kupitirira pang'ono.

Pobwerera kunyumba ankapereka lipoti kwa a Helena, monga amachitira munthu wochokera kumaliro, kuti adzamusungire Priska pa holide.

"Anthu anabwera bwino. Wapolisi uja wachedwanso. Anyamata a panyanja amakhala kumbuyo n'kumaseweretsa mafoni. Adotolo nsapato yakumanzere yayamba kuyasama, sindikudziwa ngati ali ndi mkazi."

"Nanga aphunzitsa chiyani?"

"Analemba zambiri pa bolodi."

"Zotani?"

"Anafufutanso zonse. Zikanakhala zofunika akanazisiya."

Masabata anapita, ndipo a Yohana anakhala mzati wa kalasiyo. Mvula igwe, dzuwa liswe mtengo, vinti-tireshi sankajomba. Tsiku losankha mtsogoleri wa kalasi panalibe mpikisano. Wina anangoti, "Madala ajawa," onse n'kuwomba m'manja. Anawapatsa bokosi la choko ndi chofufutira bolodi kuti azisunga, ndipo anazinyamula ngati mbale ya chopereka. Ngakhale adotolo Aristides anayamba kuwagwedezera mutu polowa. Kunena zoona, a Yohana anali asanasangalalepo chotere kwa zaka zambiri. Usodzi wa Lachisanu anayamba kuuzemba, n'kumatuma mphwawo kukawaimirira, kuti m'kalasi asakawodzere.

Loweruka lina mayi Saquina anawanong'oneza. "Madala, sabata yamawa ndi inu. Aliyense akuimirira kutsogolo n'kulankhula. Mwakonzeka?"

"Mayi, ine ndimakhala wokonzeka."

Sanafunse kuti akalankhula chiyani. Analibe chifukwa chofunsira. Pa mwambo uliwonse imafika nthawi imene oimirira mabanja amapatsidwa mpata, ndipo iwo ankadabwa kuti sukuluyi yachedwa bwanji kufika pamenepo. Anamva anzawo akulankhula za malamulo, maso ali pa mapepala, n'kumawamvera chisoni kuti sanazolowere kulankhula pagulu.

Tsikulo litafika, nambala itaitanidwa, anaimirira mosapupuluma, anamanga batani la jekete, n'kupita kutsogolo opanda pepala. Anasankha kulankhula Chinyanja kuti mawu atuluke ndi ulemu wake wonse.

"Zikomo adotolo, zikomo anzanga nonse. Ine ndine Yohana wa ku Msumba, kumunsi kwa tchalitchi. Nambala iyi si yanga, ndi ya mwana wanga Priska. Mwini wake watanganidwa ku Lichinga, akutumbula nsomba ku sukulu yake inayo, ndiye ndakhala ndikubwera ndine, monga mwakhala mukundionera. Akupereka moni." Priska sanapereke moni uliwonse, koma woimirira wabwino sadikira kuuzidwa zimenezo. "Mawu ambiri ndilibe. Ndithokoze adotolo chifukwa cha khama, ngakhale zina zikumatidutsa. Ndipemphenso anyamata a kumbuyo kuti mafoni azizima. Ndathokoza."

Anadikira kuwomba m'manja. M'malo mwake, msilikali wina kumbuyo anatulutsa kamawu ngati watsamwa, kenako kalasi yonse inaphulika. Wapolisi uja anagona pa desiki, mapewa akugwedezeka. Mayi Saquina okha ndi amene sanaseke. Anagwira pakamwa, n'kumawayang'ana ngati munthu amene akuona mwana akuyenda m'mphepete mwa chitsime.

Adotolo Aristides anafunsa kuti madala anena chiyani. Mayi Saquina anamasulira, mawu ali pansi. Mnyamatayo anayang'ana pepala lake la manambala, ndipo kwa nthawi yoyamba anayendetsa chala mpaka pa dzina. Anayang'ana dzinalo, anayang'ana ndevu za a Yohana, n'kubwereranso pa dzinalo. Atalankhula, kuseka konse kunatha.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Yohana.

"Akuti chimene mwachitachi ku yunivesite ndi chinyengo," anatero mayi Saquina. "Mlandu wake ndi wochotsedwa sukulu."

"Ine andichotse, palibe kanthu."

"Osati inu, madala. Mwanayo. Ndipo akachotsedwa, achotsedwa sukulu zonse ziwiri. Akuti abwere Loweruka likudzali adzayankhe."

A Yohana anayang'ana adotolo. Chinyengo? Iwo amene anaimirira poyera, dzuwa likuwala, n'kutchula dzina lawo ndi mudzi womwe? Anafuna kufotokoza za chilimira ndi za maliro, koma Chipwitikizi chawo cha pamsika chinalibe mawu amenewo, ndipo nkhope ya adotolo inali yotseka. Tsiku limenelo njinga sanaikwere. Anaikankha mpaka ku Msumba.

Foni anaimba atakhala kuseri kwa nyumba. Anafotokoza zonse, kuyambira pa mbuzi za pakhonde mpaka pa bokosi la choko.

"Ababa," anatero Priska pomaliza, "mwachita chiyani?"

Sabata imeneyo a Yohana sanapite kunyanja, sanapite ku kwaya, ndipo wowafunsa za mwana ankangomuyankha kuti ali bwino. A Helena sananene kuti ndinakuuzani. Zikanakhala bwino akananena, chifukwa mmene ankaikira mbale patsogolo pawo zinkamveka kwambiri kuposa mawu. A Yohana ankaopa chinthu chimodzi chokha: kuti mwana amene anasenza sukulu ziwiri yekha adzazitaya zonse chifukwa cha bambo ake.

Loweruka Priska anajomba ntchito ya nsomba ku Lichinga n'kutsika ndi chapa, chikwama cha mabuku chili kumsana. Bambo ake anamupatsa moni, iye anayankha mwaulemu, koma maso sanawapatse. Kalasi itatha anatsala anayi: adotolo, Priska, a Yohana, ndi mayi Saquina womasulira.

Adotolo anafunsa ngati Priska ankadziwa. Iye anati ayi. A Yohana anaimirira kuti alumbire, mayi Saquina anawakoka jekete kuti akhale pansi, koma anali atayamba kale. Anafotokoza kuti mwanayo sanatume munthu, kuti kwawo nambala ya munthu siisiyidwa ikulira yokha, kuti ngati pali chilango chigwere iwo, ngakhale kusesa sukulu yonse chaka chathunthu. Mayi Saquina anamasulira zonse, ndipo zikuoneka kuti anathirako mchere pang'ono, chifukwa kumasulirako kunatalika kuposa mawu ake.

Adotolo Aristides anatikita maso. Anali mnyamata wokonda malamulo, koma ankadziwanso kuti akalemba mlanduwu adzayenera kufotokoza mmene anaphunzitsira teremu yonse bambo wandevu amene dzina lake ndi Priska. Anati nkhani ya chinyengo saipititsa, popeza wachinyengo sadziulula yekha atamanga batani la jekete. A Yohana anapuma. Koma mnyamatayo anali asanamalize, ndipo zotsalazo anazinena akuyang'ana Priska.

Priska anatsitsa mutu. Mayi Saquina anazengereza kumasulira.

"Nenani, mayi," anatero a Yohana.

"Akuti a ku ofesi anawaimbira kalekale, kufunsa za dandaulo la mwanayu. Amafuna kumulola azichita ntchito ali ku Lichinga. Anangofuna kumva ngati n'zoona kuti vinti-tireshi akulephera kufika. Adotolo anayankha kuti vinti-tireshi sanajombepo, ndiponso ndiye mtsogoleri wa kalasi. Ndiye a ku ofesi anati vuto latha, n'kutseka nkhaniyo."

"Sangaitsegulenso?"

"Teremu yapita, madala. Falita zonse zabwerera pa mwanayu. Phunziroli abwereza chaka chamawa. Digiri ya malamulo ichedwa ndi chaka."

A Yohana anamvetsa bwinobwino, popanda wothirapo mchere. Akanakhala kunyumba n'kumasoka ukonde wawo, mwana akanathandizidwa. Tsiku lija la madigiri awiri, limene analilengeza kuyambira ku Msumba mpaka ku Meluluca, analiphwanya okha ndi mawu awo okoma a m'tchalitchi. Anatulutsa bokosi la choko ndi chofufutira m'thumba, n'kuziika pa tebulo la adotolo ndi manja awiri. Mayi Saquina anawaperekeza mpaka pakhonde, n'kunena kuti kalasi idzawasowa, ndipo sankanena zonyoza.

Ulendo wa ku Msumba anauyamba dzuwa lili pamutu. Priska anali patsogolo ndi chikwama chake, bambo ake pambuyo akukankha njinga. Anamufunsa ngati ali ndi njala, iye anangopitiriza kuyenda. Anamuuza kuti akwere, anapukusa mutu. Anadutsa amayi oyanika chinangwa, amene anawapatsa moni n'kufunsa ngati ameneyu ndiye wa nsomba ndi milandu uja, ndipo a Yohana anangokweza dzanja.

Atafika pa kamlatho kena Priska anaima n'kutembenuka. Maso ake anali ofiira.

"Ababa, m'kalasimo mumamvamo chiyani?"

"Palibe."

"Olo pang'ono?"

"Moni yekha, ndi nambala."

"Ndiye masabata onsewa mumakhaliramo chiyani?"

"Kuti akaitana pakhale woyankha." Anayang'ana chiwongolero cha njinga. "Uli ku pulayimale ndinkakusongolera pensulo. Ku sekondale ndinkakunyamula pa njinga iyi. Zapanozi ndimangomva pa foni kuti zavuta, ine manja ali lende. Nditamva za nambala ndinati, ichi chokha ndingathe."

Priska anafuna kukalipa, ndipo anali ndi mawu ake okonzeka kuchokera ku Lichinga. Koma anaona jekete la pa Sabata litayera ndi fumbi la choko m'manja mwake, ndipo chimene chinatuluka chinali kuseka kosakanikirana ndi kulira. Anakhala pa khoma la mlathowo mpaka zinatha.

"Mtsogoleri wa kalasi," anatero akupukuta mphuno. "Ine zaka zonsezi sanandisankhepo."

"Umafika mochedwa kapena."

Mtsikanayo anavula chikwama chija, chimene chinali chitamudula mapewa kuyambira m'mawa, n'kuwapatsa. Chinali cholemera kuposa mmene a Yohana ankaganizira.

"Chaka chamawa ndikamabwereza, muzidzandiperekeza pa njinga Loweruka lililonse."

Nkhope ya a Yohana inayamba kuwala.

"Muzidzathera pa geti."

"Ngakhale pakhonde pokha?"

"Pa geti, ababa."

A Yohana anavomera. Anaika chikwamacho pa kaliyala n'kuchimanga ndi lamba wa chubu, kenako anachikokakoka kuona ngati chalimba, ngakhale chinali chitalimba kale.